Mbiri ya Kids' Guernica

Kids' Guernica ndi ntchito ya ana yojambula zithunzi zikuluzikulu za mtendere, imene inayamba mu 1995, patadutsa zaka 50 nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Anaiyambitsa ndi aphunzitsi a zaluso a ku Japan ndi ku America. Dzinali linachokera pa chithunzi chimene Pablo Picasso anajambula mu 1937, ndege za Germany zitaphulitsa tawuni ya Guernica ku Spain.

Chinsalu chimene ana amajambulapo chimakhala chofanana kukula ndi cha Picasso: mamita 3.5 m'lifupi, 7.8 m'litali. Kawirikawiri amachiyala pansi. Anawo amayamba akambirana kaye za mtendere, kenako n'kugwada mozungulira chinsalucho, burashi kumanja, akuluakulu akungowathandizira. Phindu lake lagona pamenepa, poti maganizo a chojambulacho amachokera kwa ana eni akewo. Penti akauma, zithunzizi amaziika poyera, ndipo zina zaonetsedwa m'mayiko akutali.