Nthano Yobwereka: Washington Irving ndi Chiyambi cha Nkhani Zazifupi ku America

M'mwezi wa Januwale 1820, Sydney Smith, wansembe wa ku England, analemba m'magazini ya Edinburgh Review funso limene linapweteka anthu a ku America kwa nthawi yaitali. Iye anafunsa ngati pa dziko lonse lapansi panali munthu wowerenga buku la ku America. Panali patapita zaka pafupifupi 37 kuchokera pamene Britain inavomereza ufulu wa dzikolo m'chaka cha 1783, koma pa nkhani ya mabuku America inali ikudalirabe London. Smith sankadziwa kuti yankho la funso lake linali litayamba kale kusindikizidwa ku New York. Limeneli linali buku la Washington Irving lotchedwa The Sketch Book of Geoffrey Crayon, Gent., lomwe linatuluka m'zigawo zisanu ndi ziwiri m'zaka za 1819 ndi 1820.

Mwa zolemba 34 za m'bukuli, ziwiri ndi zimene zinamanga mbiri ya mlembiyu: "Rip Van Winkle" ndi "The Legend of Sleepy Hollow". Akatswiri ambiri amaziona ngati maziko a nkhani zazifupi za ku America, komabe zonse ziwiri mizu yake ili m'nthano za ku Germany. Apa ndi pamene pagona funso lofunika kwa aliyense wophunzira za zolemba: kodi nthano yobwereka imasanduka liti ya mwini wake watsopano?

Irving anabadwira mu mzinda wa New York pa 3 Epulo 1783, ndipo anamutcha dzina la George Washington. M'chaka cha 1815 anapita ku Liverpool, komwe banja lake linali ndi bizinesi, koma bizinesiyo inagwa ndi ngongole m'chaka cha 1818. Atasowa pogwira, anaganiza zoti azidya thukuta la cholembera chake. Chaka chimodzi izi zisanachitike, iye anali atakacheza kwa mlembi wa ku Scotland, Walter Scott, kunyumba kwake ku Abbotsford. Scott ankakonda nthano za ku Germany, ndipo chidwi chimenechi chinamulowanso mlendo wakeyo, moti anayamba kuphunzira Chijeremani. Nkhani ya Rip anailembera ku Birmingham, kwa mlamu wake Henry van Wart, kutali kwambiri ndi mapiri a Catskill amene ankawafotokoza.

Nthano imene anabwereka ndi ya Peter Klaus, yomwe inasindikizidwa m'chaka cha 1800 m'buku la nthano zapakamwa zimene anasonkhanitsa J. K. C. Nachtigal, yemwe ankalemba ndi dzina loti Otmar. Klaus ndi woweta mbuzi amene akulondola mbuzi yake m'phiri la Kyffhäuser. Kumeneko akupeza amuna achilendo akusewera masewera ogwetsa timitengo ndi mpira, akumwa vinyo wawo, nagona zaka 20. Pobwerera kumudzi ali ndi ndevu zazitali, palibe akumuzindikira kufikira atakumana ndi mwana wake wamkazi. Zonsezi zikupezekanso m'nkhani ya Irving. M'chaka cha 1930, Henry Pochmann anayerekeza nkhani ziwirizi ndime ndi ndime, ndipo anaonetsa kuti m'malo ena Irving anatsatira mapazi a nthanoyo mosaphonya.

Chimene Irving anawonjezera ndi mbiri ya dziko lake. Zaka 20 zimene Klaus akugona n'zopanda dzina. Zikanatha kukhala zaka zina zilizonse. Koma Rip akugona dziko likulamulidwa ndi Mfumu George III ya ku Britain, ndipo akudzuka nkhondo yomenyera ufulu itatha. Akufika m'mudzi pa tsiku la chisankho. Atafunsidwa mbali imene ali, akuyankha mosalakwa mumtima kuti ndi munthu wokhulupirika wa mfumu, ndipo khamu likumuyesa kazitape. Pakhomo pa nyumba ya alendo, chikwangwani chomwe chinali ndi chithunzi cha mfumu chikadalipo. Nkhope ndi yomwe ija. Angosintha mtundu wa jekete, aika lupanga m'malo mwa ndodo yachifumu, ndipo pansi alemba dzina la Washington. Ndi chikwangwani chimenechi, nthano yodabwitsa ana inasanduka funso kwa dziko longolandira kumene ufulu: chasintha n'chiyani, ndipo chatsala momwemo n'chiyani?

Njira yomweyi ikuoneka m'nkhani ya Sleepy Hollow. Wokwera kavalo wopanda mutu ankadziwika kale m'nthano za ku Germany. Irving anamusandutsa mzukwa wa msilikali wa ku Hesse, mmodzi mwa Ajeremani amene Britain inawalemba ganyu pa nkhondo ija, ndipo anamuika m'chigwa china pafupi ndi Tarrytown, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Mpangankhani wamkulu, Ichabod Crane, ndi mphunzitsi wobwera kuchokera ku Connecticut, yemwe akufuna kukwatira Katrina Van Tassel chifukwa cha munda wa atate ake. Usiku wina mzukwa ukumuthamangitsa n'kumugenda ndi mutu wake. Kutacha, anthu akupeza chipewa cha mphunzitsiyo ndi dzungu losweka, ndipo Brom Bones, amene ankalimbirana naye mkaziyo, akumangoseka akamva za dzungu. Mlembi sakugamula mlanduwu. Akusiyira wowerenga kuti asankhe pakati pa mzukwa ndi chinyengo, ndipo pansi pa nthabwalayi pali mkangano weniweni wa eni nthaka ochokera ku Holland ndi obwera ochokera ku New England.

Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Sipanapite nthawi yaitali, olemba m'magazini anatulukira gwero la nkhani ya Rip, ndipo ena anamunena Irving kuti ndi wakuba. Mwina mlembiyu anadzipalira yekha mlandu, chifukwa m'mawu amene anaika kumapeto kwa nkhaniyo anatchula phiri la Kyffhäuser ndi nthano ya Mfumu Frederick Barbarossa, koma sanatchule Peter Klaus. Anayankha omunenawo m'buku lake la Bracebridge Hall m'chaka cha 1822, ponena kuti nthano zapakamwa ndi maziko amene mlembi aliyense ali ndi ufulu womangapo nyumba yake. Yankholi ndi lomveka, ngakhale kuti silikufafaniza mfundo yoti iye anatenga nthanoyo m'buku la munthu wina, osati pakamwa pa okamba nthano.

Olemba amene anabwera pambuyo pake anatengera zinthu zitatu: kufupika kwa nkhani, kuizika pa malo odziwika bwino, ndi kugwiritsa ntchito mfotokozankhani wopeka. Irving ankati nkhani ziwirizi zinapezeka m'mapepala a malemu Diedrich Knickerbocker, nkhalamba yolemba mbiri yomwe anaipeka m'chaka cha 1809. Mlakatuli Henry Wadsworth Longfellow anachitira umboni kuti The Sketch Book ndilo buku loyamba kumugwira mtima ali mwana. Nathaniel Hawthorne, m'buku lake la Twice-Told Tales la 1837, anachita ndi mbiri ya New England zimene Irving anachita ndi chigwa cha Hudson, ngakhale kuti nkhani zake n'zolemera ndi uchimo ndi chikumbumtima. Edgar Allan Poe, m'kalata ya 1838, anati Irving ankatamandidwa mopitirira muyezo. Pounika buku la Hawthorne m'chaka cha 1842, Poe anakhazikitsa mfundo yoti nkhani yaifupi iziwerengeka pa nthawi imodzi ndipo mawu ake onse azilunjika pa cholinga chimodzi. Mfundoyi ikutsutsana ndi kalembedwe kosafulumira ka Irving, koma Poe ankakonza nyumba imene mnzakeyo anali ataimika kale.

Mphamvu ya Irving inalowanso m'chiyankhulo. Dzina loti Gotham, limene analipatsa New York monyogodola m'magazini ya Salmagundi m'chaka cha 1807, linakhazikika. Dzina la Knickerbocker linayamba kutanthauza mbadwa ya New York, ndipo timu ya basketball ya New York Knicks inatenga dzina lake pamenepo. M'chaka cha 1996, anthu a ku North Tarrytown anavota kuti tauni yawo izitchedwa Sleepy Hollow.

Luso losandutsa zopeka kukhala chikumbukiro cha mtundu lili ndi kuipa kwake. M'buku la mbiri ya Christopher Columbus la 1828, Irving anakometsera nkhani mpaka anathandiza kufalitsa bodza loti ophunzira a m'nthawi ya Columbus ankakhulupirira kuti dziko ndi lafulati, pomwe mkangano wawo unali pa kukula kwa dziko. Ndipo m'chaka cha 1978, Judith Fetterley anaonetsa m'buku lake la The Resisting Reader kuti m'nkhani ya Rip mkazi wake amangoweruzidwa ngati wolongolola, pomwe ndiye ankasenza banja limene mwamunayo ankalithawa.

Irving anamwalira pa 28 Novembala 1859 kunyumba kwake ku Sunnyside, ndipo anaikidwa m'manda a ku Sleepy Hollow. Peter Klaus amakumbukiridwa makamaka ndi ofufuza magwero a nthano, pomwe dzina la Rip Van Winkle linasanduka mwambi wonena za munthu amene nthawi yamusiya. Kusiyana kwawo sikuli pa tsatanetsatane wa nkhani, pakuti ndi mmodzi. Klaus anadzuka m'mudzi wokalamba chabe. Rip anadzuka m'dziko lina, ndipo anafunsidwa kuti ndi wa ndani.