Fodya asanafike, Kasungu ankafukula chitsulo m'dothi

Mukafunsa mnzanu wa m'kalasi zomwe akudziwa za Kasungu, atchula zinthu ziwiri: fodya ndi Kamuzu. Nanenso ndikanayankha chomwecho mpaka tchuthi chapitachi, pamene ndinakwera minibasi ku Lilongwe kukacheza kwa malume. M'mbali mwa msewu wa M1 munali zigafa zokhazokha, ndipo pa Chinkhoma malole odzaza mabelo anali atandanda kudikira okushoni.

Amene anandisintha maganizo ndi mkulu wina yemwe ndinamupeza akusula nkhwangwa pansi pa mtengo wa mango, kamnyamata kakupukusa gudumu la njinga kuti moto ukolele. Chitsulo chake chinali sipuling'i ya galimoto yakufa. Ndinamufunsa kuti, "Agogo, nanga magalimoto asanabwere chitsulo chinkachokera kuti?" Anaseka n'kuloza pansi. "M'dothi momwemu, mdzukulu wanga. Pita kunkhalango ukaone ng'anjo."

Ndinapitadi. M'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu National Park mudakali ng'anjo yakale, ndipo wolondolera alendo anandifikitsa pomwepo. Ukaiona patali ungati ndi chulu. Ndi chimtondo cha dothi chachitali, chokhala ndi mabowo m'munsi. Amisiri ankathiramo makala ndi miyala yofiira yokhala ndi chitsulo, mosanjikiza. M'mabowo aja ankalowetsamo timapaipi toumba ndi dothi. Ng'anjo yaitaliyi sinkafuna mvukuto: mpweya wotentha ukamakwera m'mwamba, unkakoka wina kudzera m'timapaipi tija, ndipo moto unkadzipemerera wokha usana ndi usiku. Chotulukamo ankachiotchanso m'ng'anjo yaing'ono ya mvukuto, kenako n'kuchisula mpaka chitasanduka khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Miyala ya kuno ili ndi chitsulo chochepa, choncho kutulutsamo khasu limodzi kunkafuna nzeru zenizeni.

Ntchitoyi inali ndi miyambo yake. Ng'anjo ankaimanga kutali ndi mudzi, ankakwirira mankhwala pansi pake, ndipo amuna ogwira ntchitoyo ankadika, osagona ndi akazi awo mpaka itatha. Ife ophunzira timafulumira kunena kuti zimenezi n'zikhulupiriro chabe. Ine ndikuonamonso mwambo wa ntchito: anthu otopa, oyang'anira moto masiku angapo, ankafunika lamulo lowasunga pamodzi, ndipo chinsinsi cha mankhwala chinkateteza luso la mmisiri.

Khasu silinali chida cholimira chokha. Linkayenda ngati ndalama. Mpwitikizi wina, António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za ng'anjo ndi makasu awo. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863, nthawi imene anthu ankakhala m'malinga poopa nkhondo za Angoni. Ulimi wa chigwa chino unayamba ndi khasu losulidwa konkuno, fodya wa okushoni asanamveke n'komwe.

Nanga ng'anjo zinazimiranji? Kumapeto kwa 1895 asilikali a Britain anagonjetsa Mwase Kasungu. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba, wofuna ndalama osati makasu, ndipo anyamata anayamba kupita ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Kamuzu yemweyo anachoka kuno wapansi ali mnyamata. Ng'anjo imafuna anthu ambiri odula mitengo, ootcha makala ndi onyamula miyala, ndiye mudzi wopanda anyamata ungaiyatse bwanji? Pomwepo m'masitolo munadzaza makasu a kunja otsika mtengo, ndi zitsulo zakutha zosavuta kusula. Pofika cha m'ma 1930 utsi wa ng'anjo unali utatha. Mu 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu kumadzulo kwa Kasungu ponena za matenda a kaodzera, ndipo deralo ndilo linakhala paki mu 1970. Zinandiwawa kuganiza kuti ng'anjo imene ndinaiona inapulumuka chifukwa eni ake anachotsedwapo, ndipo panalibe woilimira.

Sindikufuna kukometsera zakale. Ng'anjo inkadya mitengo yambiri, monga momwe mabani a fodya wa fuluu amadyera nkhuni lero. Kusiyana kumene ndikukuona kuli pa funso loti mwini luso ndani, ndipo woika mtengo ndani. Wosula khasu ankadziwa ntchito yake kuyambira pa mwala mpaka pa mpini, ndipo ankakambirana yekha ndi wogula. Fodya anabwera ndi dongosolo lina. M'nthawi ya Kamuzu, malamulo ankapereka fodya wa bale ndi wa fuluu kwa maesiteti, ndipo mlimi wamng'ono analoledwa kulima bale kuyambira cha mu 1990. Ambiri analowa utenanti. Mpaka lero malume amafesa, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kudinda mabelo, koma mtengo amakaumva ku okushoni.

Chinanso chimene chikundisowetsa mtendere ndi kumene mbiriyi ikusungidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha akuluakulu a kwa Chulu kuno ku Kasungu, ndi Aphoka a ku Rumphi, kuti ayatsenso ng'anjo monga anaonera ali anyamata. David Killick analemba digiri yake ya udokotala ku Yale pa za ng'anjo za Kasungu mu 1990. Tiwathokoze, chifukwa akanapanda kutero zambiri zikanapita kumanda. Koma zonsezo zili m'Chingerezi, m'mabuku amene mwana wa kwa Chulu sangawapeze. Ine ndinaphunzira za mafakitale a ku Manchester ndili ku sekondale, koma za ng'anjo ya kwa malume ndamva ndili ku yunivesite, kuchokera kwa wosula nkhwangwa.

Oyatsa ng'anjo anatha, koma adzukulu awo alipo, ndipo ena akudziwa pamene pankakumbidwa miyala ndi mitengo imene inkapereka makala abwino. Foni yojambulira mawu tonse tili nayo. Ine ndibwererako tchuthi chikubwerachi, ndipo agogo aja andilonjeza kuti akandionetsa pamene agogo awo ankakumba. Inu a ku Kasungu, Rumphi ndi kwina konse kumene kunali ng'anjo, mukapita kumudzi mukafunseko.