Ndalama ya Mbewu

Agogo anga ankamanga chimanga chosasenda n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. "Ichi n'cha mbewu, mdzukulu wanga, sachikazinga," ankatero. Pa njala ya 2001 mpaka 2002 mabanja ena kwathu anadya mbewu yawo, ndipo nthawi yobzala itakwana anasowa pogwira. Mawu a agogowo amandibwerera ndikamaganizira mbiri ya magetsi a mphepo ndi a dzuwa m'dziko muno.

Njala yomweyo ndi imene inachotsa William Kamkwamba pasukulu ya sekondale, makolo ake atalephera kulipira fizi. Mnyamatayu, wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya kwawoko. Mu 2002 anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, n'kumangirirapo mapaipi, zitsulo zotola kudzala ndi njinga yakale ya bambo ake. Mphepo itazunguza chipangizocho, babu linayaka. Panalibe banki kapena bungwe limene linaponyapo tambala. Dayinamo anamugulira ndi mnzake, pamene ena ankangomunena kuti wapenga.

Thandizo lenileni linadza mochedwa. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, ndipo atalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino anayamba kupereka ndalama. Anabwerera kusukulu, mpaka anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth, ku America, mu 2014. Nkhani yosangalatsa ndithu, koma funso langa n'lakuti: kukanakhala kuti mnzake uja analibe ya dayinamo, ndani akanamumva William?

Vuto lomweli limagwiranso ntchito zikuluzikulu. Munthu asanaimike ngakhale sola imodzi, ayenera kulipira akatswiri oyeza mphamvu ya dzuwa, kupeza malo, kulipira chipukutamisozi kwa eni minda, kutenga chilolezo ku MERA, ndiponso kusainirana ndi ESCOM mgwirizano wogula magetsiwo. Zonsezi zimatha zaka, ndipo zikalephereka ndalama yalowa m'madzi. N'chifukwa chake mabanki amadikira kaye kuti mapepala onse akwane. Amafuna kufika pokolola, osati pobzala.

Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, makampani omwe si a boma anatsegulidwa njira yopangira magetsi n'kumagulitsa. Komabe lamulo palokha siligula mbewu. Ku Salima, kampani ya ku Canada ya JCM Power inagwirana manja ndi InfraCo Africa, bungwe lothandizidwa ndi maboma a Britain, Netherlands ndi Switzerland, lomwe ntchito yake n'kuika ndalama pamene ena akuopa. Mu 2021 munda wa sola wa mamegawati 60 unatsegulidwa, ndipo wa ku Golomoti, wa mamegawati 20, unatsatira mu 2022. M'chaka chomwecho namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, tonse n'kuona kuopsa kodalira mtsinje wa Shire wokha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mbewu imeneyi inachokera kunja. Ife eni ake tili ndi mabanki ndi thumba la penshoni, koma mnyamata wina amene lero akutola zitsulo kudzala alibe khomo logogoda. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Agogo anga sankadziwa za mamegawati, koma ankadziwa kuti wopanda chopachika pamoto sakolola.