Fumbi la ku Joni ndi loya amene agogo sanamupeze

Agogo anga aamuna anali ndi kasutikesi kachitsulo kamene sankalola mdzukulu aliyense kukagwira. Atamwalira tinapezamo kabuku kong'ambika, chithunzi atavala chisoti cha mumgodi, ndi nambala yawo ya ntchito. Anagwira ntchito pansi pa nthaka ku Joni akadali mnyamata, nabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Njinga inatha, wailesi inafa, koma chifuwa chinakhala nawo mpaka tsiku lomaliza. Panalibe ndi mmodzi yemwe pabanja pathu amene anaganizapo kuti chifuwacho chinali mlandu woti n'kupita nawo kwa loya.

Agogo sanali okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Imfa ya ndegeyo inamveka dziko lonse. Imfa ya fumbi inkabwera mwakachetechete. Pobowola thanthwe la golide pamatuluka fumbi losalala kwambiri limene limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa. Matendawa, otchedwa silicosis, alibe mankhwala, amaonekera patapita zaka zambiri, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Nthawi imeneyo munthu amakhala ali kale kumudzi, kutali ndi mgodi komanso khothi.

Lamulo la chipukuta misozi linalipo ndithu. La mu 1973 linkapereka ndalama kwa odwala matenda a mumgodi, koma zinali zochepa, ndipo eni migodi ankanena kuti wogwira ntchito alibe ufulu wowasumira kuti amuonjezere. Amene anatsutsa zimenezi ndi Thembekile Mankayi, bambo wa ku Eastern Cape amene anagwira ntchito mumgodi kuyambira 1979 mpaka 1995 n'kulandira 16,320 randi yokha mapapo atawonongeka. Mu 2006, mothandizidwa ndi loya Richard Spoor, anasumira kampani ya AngloGold Ashanti. Analuza ku khothi lalikulu, analuzanso ku khothi la apilo. Pa 3 Malichi 2011 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ogwira ntchito mumgodi ali nawo ufulu wosuma. Mankayi sanamve chigamulocho, pakuti anamwalira kutangotsala masiku ochepa.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Khomo litatseguka, maloya a Spoor, a Abrahams Kiewitz ndi a Legal Resources Centre anasonkhanitsa odwala zikwizikwi. Mu Meyi 2016 khothi lalikulu la ku Johannesburg linalola kuti asume monga gulu limodzi. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi anavomera kupereka mabiliyoni asanu a randi, khothi linavomereza mu 2019, ndipo mu 2020 bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Mgwirizanowu umakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa Malichi 1965 ndi Disembala 2019, kuphatikizapo ochokera m'mayiko oyandikana nawo ngati Malawi, ndiponso mabanja a omwalira.

Funso limene limandivuta ndi ili: munthu wopanda ntchito, wopuma movutikira, amapeza bwanji loya womenyana ndi kampani ya golide zaka zisanu? Mbali ina ya yankho ili m'lamulo la mu 1997 la ku South Africa, lolola loya kugwira ntchito osalipidwa mpaka mlandu utapambana, komanso loika malire kuti phindu lake lisapyole 25 peresenti ya ndalama zopambanazo. Lamulo ngati limeneli limasintha amene angathe kufika pamaso pa woweruza. Wosauka amabweretsa mlandu wake, loya amabweretsa nzeru ndi thumba, ndipo onse awiri amadyera kapena kutaya limodzi.

Koma mbiri yomweyi ili ndi chenjezo. Ndili ku sekondale, kunabwera bambo wina wa tayi m'mudzi mwathu, akusonkhetsa ndalama kwa matchona akale kuti akawatsatire ndalama zawo za ku Joni. Agogo anagulitsa mbuzi. Bamboyo sanaonekenso. Loya weniweni amakhala ndi laisensi imene mungathe kuifufuza ku Malawi Law Society, amalemba pangano la malipiro ake, ndipo amakupatsani risiti. Kudandaula ku Tshiamiso Trust n'kwaulere. Wosowa ndalama pano pathu angayambe wagogoda ku Legal Aid Bureau.

Anzanga ophunzira, ambiri a ife tili ndi m'bale amene anavulala pantchito kapena pangozi ya minibasi n'kungoti zinalembedwa. Sungani mapepala a kuchipatala ndi lipoti la apolisi, funsani loya msanga chifukwa milandu yotere ili ndi malire a nthawi, ndipo mufunse kuti pa ndalamazo iye atengapo zingati musanasaine chilichonse. Kasutikesi ka agogo kali m'chipinda changa. Nambala yawo ndaikopera m'kope, ndipo tchuthi chikubwerachi ine ndi amayi tiyamba kufunsa.