Mawu a gitala: chilema chomwe chinasanduka chuma

Masiku ano woimba gitala amatha kufika pamalo a dansi atanyamula kabokosi kokwana m'chikwama, n'kukalumikiza ku zimkuzamawu, basi ntchito yayambika. M'kabokosimo muli kakompyuta kotsanzira mawu a maampulifaya otchuka akale, ndipo eni ake amakatcha amp modeller. Koma anyamata ambiri akagula, dandaulo limakhala limodzi: ati gitala ikumveka ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ndalama zapita, mawu okoma aja osaoneka. Kodi vuto ndi kabokosi? Kuti tiyankhe bwino, awerengi, tiyeni tibwerere m'mbuyo tikaone chomwe kabokosika kamatsanzira.

Gitala zamagetsi zinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1932 ndi kampani yomwe lero timaidziwa kuti Rickenbacker ku America. Cholinga chinali chimodzi basi: gitala imveke pakati pa malipenga ndi ng'oma. Maampulifaya a nthawi imeneyo ankayendera mavalavu, timababu tagalasi totentha ngati tomwe tinali m'mawailesi akale. Amisiri ankafuna mawu oyera, opanda litsiro. Koma valavu ili ndi khalidwe lake. Ukaipanikiza kupitirira mphamvu zake, mawu amayamba kusasa pang'onopang'ono, monenepa, ngati munthu woimba ndi mtima wonse mpaka kukhosi kukanda. Kwa amisiri chimenechi chinali chilema chofunika kuchotsa. Oimba atachimva anati, ayi ndithu, chisiyeni.

M'chaka cha 1951 gulu la Ike Turner linanyamuka ku Clarksdale kupita ku Memphis kukajambula nyimbo mu situdiyo ya Sam Phillips. Panjira ampulifaya ya woimba gitala, Willie Kizart, inaonongeka sipika. Nkhani imati anangofwatikamo mapepala n'kujambula choncho. Nyimboyo, "Rocket 88", inatuluka ndi gitala yolira mosasa, ndipo anthu anaikonda zedi. M'chaka cha 1958 Link Wray anaboola dala masipika ake ndi pensulo pojambula "Rumble", nyimbo yopanda mawu ndi amodzi omwe, koma yomwe mawailesi ena anakana kuiulutsa poopa kuti ilimbikitsa uchigawenga. Ku London nako, m'chaka cha 1964, Dave Davies wa gulu la The Kinks anang'amba ndi lezala sipika ya kaampulifaya kake kakang'ono, n'kupeza mawu omwe timawamva mu "You Really Got Me".

Ina inachitika ku Nashville. Pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa "Don't Worry", yomwe inatuluka mu 1961, makina osakanizira mawu anali ndi vuto pamzere womwe munkadutsa gitala ya besi ya Grady Martin. Katswiri wa situdiyoyo, Glenn Snoddy, anaona kuti anthu akufuna phokoso lomwelo, ndiye anakonza kachipangizo kolitulutsa mwadala. Kampani ya Gibson inayamba kukagulitsa mu 1962 pa dzina loti Maestro Fuzz-Tone, ndipo kanayenda malonda a Rolling Stones atakagwiritsa ntchito mu "Satisfaction" m'chaka cha 1965. Phokoso limeneli linafika mpaka kwa abale athu a ku Zambia, komwe m'zaka za m'ma 1970 magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family analisandutsa chizindikiro cha nyimbo za Zamrock.

Ngakhale maampulifaya omwe lero akutamandidwa anabadwa mosayembekezereka. Leo Fender anapanga Bassman kuti izitumikira gitala ya besi, koma oimba gitala wamba ndiwo anaikwatula. Jim Marshall, mphunzitsi wa ng'oma yemwe anali ndi sitolo ku Hanwell mu London, anatengera kapangidwe ka Bassman yomweyo mu 1962. Poti zipangizo za ku America zinali zovuta kupeza, anaika zomwe zinalipo, kuphatikizapo masipika a Celestion, ndipo mawu anatuluka ena. Mwaonatu, abale: mawu omwe dziko lonse likuwasaka anachokera ku ngozi, kusowa ndi kusamvera malangizo.

Matranzisita atafala, ambiri anaganiza kuti valavu yatha ntchito. Tranzisita ndi yopepuka, yotchipa, sitentha kwambiri, komanso sisweka chisawawa. Pa mawu oyera inachita bwino, umboni wake ndi Roland JC-120 ya mu 1975 yomwe mpaka pano ikulemekezedwa. Koma tranzisita ukaipanikiza imadula mawu mwankhaza, osati mofatsa muja ichitira valavu. Choncho oimba anapitiriza kusenza katundu wolemera. Fender Twin Reverb yokha imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo ampulifaya ya mavalavu imakoma ikakwezedwa mpaka aneba kudandaula.

Apa ndi pomwe panayambira ntchito yotsanzira. Tom Scholz wa gulu la Boston anatulutsa Rockman mu 1982, kabokosi komvera m'makutu. Mu 1989 kunabwera SansAmp ya Andrew Barta. Ziwirizi sizinali za kompyuta ayi. Masamu a kompyuta analowa m'bwalo ndi Roland VG-8 mu 1995, kenaka Line 6 inatulutsa ampulifaya yotchedwa AxSys mu 1996 ndi POD mu 1998, kabokosi kofiira kooneka ngati nyemba komwe kanalowa m'masitudiyo osawerengeka. Akatswiri ankakanyoza kuti mawu ake ndi apulasitiki, koma ntchito sinaime. Axe-Fx ya Cliff Chase inafika mu 2006. Mu 2011 Christoph Kemper wa ku Germany anabwera ndi nzeru ina: makina ake amatumiza timaphokoso mu ampulifaya yeniyeni, n'kumvetsera kudzera pa maikolofoni, n'kusunga khalidwe lake ngati chithunzi. Lero pali Quad Cortex ya kampani ya Neural DSP ya ku Finland, komanso pulogalamu yaulere ya Neural Amp Modeler, zomwe zimaphunzira mawu a ampulifaya mwa nzeru za makina.

Magulu akuluakulu nawo anagonja. A Metallica poimba ku Antarctica mu December 2013 sanaloledwe kusokosa chilengedwe ndi zimkuzamawu, kotero anaimbira m'mabokosi oterewa, anthu n'kumamvera m'makutu. Ndipo mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, mavalavu anasowa ndi kukwera mtengo, chifukwa imodzi mwa mafakitale ochepa otsala padziko ili ku Saratov m'dziko la Russia.

Nanga mbiri yonseyi ikumuthandiza chiyani mnyamata wathu wa njuchi m'chitini uja?

Choyamba, adziwe kuti mawu omwe anawakonda pa chimbale sanachoke mu ampulifaya yokha. Anadutsa mu sipika ya gitala, n'kulowa mu maikolofoni, kawirikawiri Shure SM57 yomwe yakhalapo chiyambire 1965. Sipika ya gitala ndi yogontha kumtunda: mawu opitirira ma hertz pafupifupi 5,000 imawameza. Kugontha kumeneku ndi komwe kumasefa kuthetheka konyansa kuja. Zimkuzamawu za pa dansi zilibe chifundo chotere, zimatulutsa zonse. Ndiye ngati m'kabokosi simunayatse gawo lotsanzira sipika ndi maikolofoni, njuchi zija ndi zimenezo. Mukaliyatsa koma mawu n'kumabayabe m'khutu, dulani mawu apamwamba kuyambira cha pa 6,000 kapena 7,000. Pansi napo dulani kuchokera pa 80 kutsika, poti waya wonenepa wa gitala umalira pa ma hertz 82, ndipo zapansi pake ndi munda wa besi ndi ng'oma. Koma mukalumikiza kabokosi ku ampulifaya yeniyeni ya gitala, gawo la sipika lija lizimitseni, kuopa kusefa kawiri mpaka mawu kumveka ngati afunditsidwa bulangete.

Chachiwiri, chepetsani kusasa. Mvetserani bwino mbale zakale zija: gitala siinali yosasa kwambiri monga timaganizira, koma inkaimbidwa mokweza ndi dzanja lamphamvu. Kusasa kukachuluka, dzanja la woimba limabisika, nyimbo n'kusanduka phala. Makamaka inu oimba rumba, sungura kapena nyimbo zauzimu, mawu omwe amabwera kale m'kabokosi ambiri anakonzedwera oimba rock, ndipo amawanenepetsa dala kuti akope wogula. Yambani pa tsamba lopanda kanthu: ampulifaya imodzi yoyera, sipika imodzi, kenaka kamphekesera ka mawu obwereza pang'ono chabe. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chachitatu, konzani mawu anu pa msinkhu womwe mukaimbire. M'chaka cha 1933 akatswiri awiri a ku Bell Labs, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kuti khutu la munthu silimva bwino mawu apansi ndi apamwamba phokoso likakhala lochepa. Ndiye zomwe mwakonza usiku kuchipinda motsitsa, mukazikweza pa siteji zimagunda m'mimba ndi kubaya m'makutu, pomwe mawu apakati, momwe gitala imakhalamo, asowa. Konzani pamodzi ndi gulu lonse. Gitala yokoma payokha nthawi zambiri imamira anzake akalowa. Onaninso kuti mphamvu yolowa m'kabokosi isafike pa nyali yofiira, chifukwa kusasa kwa kompyuta yodzadza sikukoma ngati kwa valavu.

Chomaliza ndi chodetsa nkhawa pang'ono. Lero munthu amatha kukopera pa intaneti mawu okonzedwa kale ndi wina, ndipo oimba zikwizikwi akumveka ngati ana a mayi mmodzi. Chonsecho Kizart, Wray ndi Davies sanatengere kwa munthu. Anali ndi zipangizo zopereweza, koma anali ndi makutu, ndipo atamva chachilendo anachisunga. Kabokosi kali ndi maampulifaya zana, koma kalibe khutu ndi limodzi lomwe. Sankhani imodzi, mukhale nayo miyezi ingapo, muidziwe pomwe imakwiyira ndi pomwe imafatsa, muziyesa ndi zomwe buku la malangizo silinanene. Kuona maso a nkhono n'kudekha.