Kodi munthu amasiya bwanji umbanda? Zoti mudziwe m'bale wanu akatuluka kundende

Ngati mumakhala pa Chimbiya kapena m'midzi yozungulira, mwina mukumudziwa munthu wina amene zaka khumi zapitazo ankakumba mbatata za eni usiku, kapena kusolola mafoni a apaulendo minibasi ikaima pamsewu wa M1. Lero ali pabanja, amagulitsa kachewere pamsika, ndipo ndi iye amene amadzudzula anyamata. Musadabwe nazo. Ofufuza anaona kalekale kuti anthu ambiri opalamula milandu amadzasiya, ndipo ambiri amasiya akadali ndi mphamvu.

Choyamba ndi msinkhu. Mu 1831, Adolphe Quetelet wa ku Belgium anaunika ziwerengero za milandu ya ku France ndipo anapeza kuti umbanda umachuluka munthu ali wachinyamata, kenako umatsika akamakula. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wapezanso zomwezo. Chimodzi mwa zifukwa zake chili m'mutu. Mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa chipumi, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira mawa, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Mnyamata wa zaka 17 amatengeka msanga ndi anzake. Bambo wa zaka 35 amayamba wawerengera zimene angataye.

Koma kukula kokha sikukwanira. Ku Boston, ku America, Sheldon ndi Eleanor Glueck anafufuza anyamata 500 amene anali m'sukulu zosungirako ana opalamula. Patapita zaka zambiri, John Laub ndi Robert Sampson anatsata miyoyo ya anthu omwewo mpaka zaka 70, n'kulemba zimene anapeza mu 2003. Ambiri mwa amene anasiya anathandizidwa ndi banja lolimba, ntchito yokhazikika kapena usilikali. Palibe zamatsenga pamenepa. Munthu amene akuyenera kufika kudimba m'mamawa kukathirira sakhala kumowa mpaka tambala woyamba, ndipo mkazi amene amafunsa kuti "munali kuti?" amamulekanitsa ndi gulu lake lakale pang'onopang'ono.

Chinanso ndi mmene munthu amadzionera. Shadd Maruna anacheza ndi anthu amene anakhalapo m'ndende ku Liverpool, ndipo m'buku lake la mu 2001 anaonetsa kuti osiya umbanda ankadziona ngati anthu abwino amene anasochera, ofuna kubweza zabwino kwa ena. Amene ankapitiriza ankaona kuti moyo wawo unatha kale. Apa ndi pamene inu mumakhudzidwa. Mukamamutchula "wakuba uja" pamaliro, kumpingo, ngakhale nkhuku ya mnansi ikasowa, mukumukumbutsa dzina limene iye akuyesetsa kulivula.

Dziwaninso kuti kusiya sikuchitika tsiku limodzi. Zimafanana ndi kusiya fodya: munthu amatha miyezi ali bwino, n'kuterereka, n'kuyambiranso. Chofunika kuona ndi chakuti milandu ikucheperachepera ndipo ikutalikirana. Miyezi yoyamba atangotuluka ndiyo yovuta kwambiri, chifukwa amabwera opanda ndalama, munda wake mwina analima ena, ndipo oyamba kumulandira nthawi zambiri ndi anzake a kukachasu. Ngati mowa kapena chamba ndi zimene zimamukokera kumbuyo, limenelo ndi vuto la umoyo. Pitani naye kuchipatala cha boma cha Dedza mukafunse za anamwino a matenda a maganizo; a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Malamulo athu nawonso amazindikira zimenezi. Pamilandu yaing'ono khoti likhoza kulamula munthu kugwira ntchito zothandiza anthu kudera kwawo m'malo mopita kundende, choncho banja ndi munda wake sizisokonekera. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mu 2010 limalola kuti mlandu wa mwana uthetsedwe popanda kumuimika m'khoti ngati wamkulu. Ku Balaka, a Prison Fellowship Malawi ali ndi nyumba yophunzitsira ntchito zamanja anthu amene akumaliza chilango chawo.

M'bale wanu akafika pakhomo, musathamangire kumupatsa ndalama zambiri m'manja. Mupatseni mizere yake m'dimba kapena thumba limodzi la mbatata loti agulitse, ndipo mugwirizane tsiku lowerengera ndalama. Mukamuperekezenso kwa a mfumu, kuti mudzi umve kuchokera kwa inu kuti wabwera ndipo akugona pakhomo panu.