Mawu a Ntchito Yobena Zimbale

Amene adayendapo mu Malangalanga ndi m'tinjira tozinga msika waukulu wa Lilongwe pamene zimbale zidali pachimake, akumbukira anyamata aja okhala pa kompyuta kuyambira mbandakucha kufikira madzulo. Ndipo ngakhale lero fulashi ndi foni zalanda malo, ntchito yawo siinafe, pakuti makwaya, ojambula maukwati ndi maofesi ena a ku City Centre afunabe chimbale chogwirika ndi manja. Ntchitoyi timaitcha kubena, ndipo tsoka lake lalikulu ndilo kompyuta kuuma pakatikati, chimbale n'kuonongeka. Ambiri pomwepo amangoti, "Yagwidwa vairasi," koma wodziwa mawu a ntchitoyi amalondola nthenda kufikira pagwero pake.

Tiyambe ndi chimbalecho. CD-R, imene imasenza mamegabaiti 700 kapena nyimbo za mphindi 80, ili ndi utoto wopyapyala umene kuwala kwa laser kumauwotcha timadontho. Ndipo popeza chowotchedwa sichibwerera, cholembedwa chalembedwa, kusiyana ndi CD-RW imene imafufutika. N'chifukwa chake kuima kwa kamphindi kukhoza kutayitsa chimbale chonse.

Mawu achiwiri ndiwo bafa, kamalo kakang'ono kosungirako m'makina obenera, kamene kamalandiriratu zolembedwa laser isanazifune. Kali ngati chimkamwa cha chigayo, chimene mwini chimanga ayenera kuthiramo kosalekeza, pakuti chikangouma, ufa umaduka. Munthu akamabena uku akuonera filimu, uku akukopera nyimbo pa fulashi, kompyuta imalephera kudzaza bafa, ndipo mzere wolembedwa umaduka. Kuyambira cha m'ma 2000 makina ambiri adapatsidwa luso loima n'kupitiriza pomwe adalekera, monga BURN-Proof ya kampani ya Sanyo, komabe kompyuta yolemedwa sileka kupunthwa.

Kenaka pali liwiro, lolembedwa 8x, 16x kapena 52x, ndipo 1x ndi makilobaiti 150 pa sekondi. Wobena poona mzere wa anthu pakhomo amasankha liwiro lapamwamba, koma chimbale chotsika mtengo sichipirira changu chotero. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wobena pa 16x sataya zimbale zambiri.

Kompyuta ikauma kotheratu kapena kuonetsa uthenga pa sikirini yabuluu, kawirikawiri mlandu umakhala wa dalaiva, ndiko kapulogalamu kamene kamalankhulitsa Windows ndi makina obenera. Pamene pulogalamu ya Nero, yochokera ku Germany mu 1997, yaikidwa pamodzi ndi mapulogalamu ena obenera, madalaiva awo amalimbirana makina amodzi, ndipo mankhwala ake ndiwo kuchotsa onse, kuyatsanso kompyuta, n'kuikamo imodzi yokha. Ikamazima yokha osanena kanthu, yang'anani kutentha: fumbi la mu Okutobala limatseka fani ndi kuphimba lenzi, ndipo burashi yofewa ikhoza kupulumutsa makina amene akadatayidwa. Za magetsi nazo, amene amatifika kuchokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, tidziwa kuti akathima sasankha Old Town kapena Area 10, choncho wobena wanzeru sakhala wopanda UPS, batire imene imagwiriza kompyuta kufikira chimbale chitatha.

Potsiriza pali kutseka chimbale, pamene pulogalamu imamaliza kulemba mndandanda wa zonse zili m'menemo. Chosatsekedwa chikhoza kulira pa kompyuta yokha, koma wailesi ya m'galimoto n'kuchikana.

Inu obena, musathamangire kufufuta kompyuta yonse musanafunse mafunso awa limodzilimodzi: kodi ndi bafa, liwiro, dalaiva, kutentha kapena magetsi? Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenaka china. Ndipo chikakukanikani funsani odziwa, pakuti safunsa adadya phula.